Liwu lachiwiri mu uthenga wanga

Amene anaiyambitsa nkhaniyi ndi mtsikana wina wa Giredi 12. Ine ndimaphunzitsa Chingerezi pa sukulu ina ya sekondale muno mu Lusaka, ndipo madzulo ana asanu kapena asanu ndi mmodzi amabwera kunyumba kwanga ku Chilenje kudzakonzekera mayeso. Tsiku limenelo magetsi anali atazima, choncho tinatulutsa mipando pakhonde kuti tiwerenge kusanade. Mtsikanayo anali ndi pepala la mayeso akale, ndipo panali funso losankha liwu loyenera pakati pa *regret* ndi *remorse*.

"Aphunzitsi, kodi si chimodzimodzi? M'kabuku kanga onse awiri akuti kumva chisoni."

Ndinamuyankha monga ndimayankhira chaka ndi chaka. Ndinati *regret* ndi chisoni cha chinthu chimene ukadakonda chikadapanda kuchitika, pamene *remorse* ndi chisoni cha choipa chimene iwe mwini wachitira munthu wina. Analemba m'kope mwake, tinapita pa funso lotsatira. Ana atabalalika ndinatsala pakhondepo mpaka mdima, chifukwa mu foni yanga munali uthenga umene ndinatumiza kumudzi miyezi inayi m'mbuyomo, ndipo liwu lachiwiri mu uthengawo linali *regret*.

Kwathu ndi ku Katete. Bambo anga anamwalira ndili Giredi 4, ndipo panalibe msonkhano wokambirana za amene adzandilipirire sukulu, pakuti kwa ife Achewa mwana wa mlongo wako ndi wako. Amalume anagulitsa thonje, anagulitsa mtedza, chaka china anagulitsa ng'ombe yapagoli kuti ndipite ku koleji. Nditayamba ntchito mu Lusaka, mafoni awo anayamba kundilemera. Nthawi zambiri inkakhala nkhani ya feteleza, kapena malata, kapena mwana wa uje amene wathamangitsidwa kusukulu. Mu Okutobala chaka chatha anandiimbira katatu m'sabata imodzi. Katatu konse foni ndinaiona ikulira patebulo, dzina lawo likuwala, ndipo ndinaitembenuza chafufumimba. Mumtima ndinkati ndidzaimba ndikalandira.

Sankafuna ndalama. Anali atatuluka m'chipatala atauzidwa kuti akapume kunyumba, ndipo ankaitana ana a alongo awo mmodzimmodzi.

Anamwalira Lachitatu usiku, mwambo woika unali Lachisanu. Mayeso a Giredi 12 anali mkati ndipo ine ndinali mmodzi wa oyang'anira. Ndikadapempha akadandilola, aphunzitsi anzanga amapita kumaliro ngakhale nthawi ya mayeso. Sindinapemphe. Ndinaopa maso a anthu pasiwa, anthu amene ndinkaganiza kuti akudziwa za mafoni atatu aja. Lachinayi m'mamawa ndinatumiza ndalama pa foni kwa mlongo wanga, mwana wa amayi aakulu, pamodzi ndi uthenga uwu: *I regret that I am unable to attend the burial.* Ine ndi mlongo wangayo sitilemberana Chingerezi. Tsiku limenelo lokha ndi limene ndinalemba Chingerezi.

Zimene zinachitika uthengawo utafika anandiuza ndi mlongo wanga yemweyo patapita masabata. Amayi aakulu, amene anadwazika amalume mpaka kuwatseka maso, anamuona akuyang'ana pa foni.

"Wati chiyani mbale wako?"

"Akuti akudandaula kuti sabwera, amayi."

"Wati pepani?"

Mlongo wanga anawerenganso. "Ayi. Akuti akudandaula."

"Kudandaula tonse tikudandaula," anatero amayi aakulu. "Ngakhale galu wa pakhomo pano sakudya."

Amayi aakulu sanapondeko m'kalasi, koma anagwira chinthu chimene kabuku ka mtsikana uja sikananene, chimene ine mphunzitsi ndinkachidziwa bwino lomwe pamene ndinkasankha liwulo.

Liwu la *regret* Angerezi analitenga ku Chifalansa chakale, kumene linkatanthauza kulira munthu wakufa. Lero linapepuka kwambiri. Munthu akhoza kuchita *regret* chifukwa chogula nsapato zothina ku Kamwala, chifukwa chobzala mvula isanakhazikike, chifukwa chosiya sukulu. Silifuna munthu wachiwiri. Ife tili ndi mawu amene amalijambula bwino kuposa mmene Angerezi eni ake angalijambulire: kunong'oneza bondo. Taonani munthuyo. Wakhala pansi, wakumbatira miyendo, mutu wazolika, pakamwa pali pafupi ndi bondo, akulankhula motsitsa kuti ndikadadziwa ndikadaphika therere. Bondo siliyankha, silikwiya, silifunsa kuti unali kuti. Munthu akhoza kunong'oneza bondo zaka makumi awiri osagogoda pakhomo pa wina aliyense.

N'chifukwa chake liwuli limakondedwa m'maofesi. Achinyamata oyenda ndi maenvulopu a khaki mu Cairo Road analisandutsa dzina la chinthu: "Ndalandira *regret*." Akunena kalata ija yoyamba ndi mawu akuti *we regret to inform you*, imene usanafike mzere wachiwiri umadziwa kale kuti ntchito sunaipeze. Wolemba kalatayo sakunama kwenikweni, mwina chisoni ali nacho ndithu, koma sakunena kuti walakwa, ndipo sasintha maganizo. Zidziwitso za kuzima kwa magetsi kapena kuuma kwa mipopi nazo zimathera pa mawu omwewo.

Pali kanthu kena ka galamala kamene ndimaphunzitsa chaka chilichonse, ndipo usiku umenewo kanandibaya. Ukati *I regret telling you*, ukunena za chinthu chimene unachita kale, madzi atayika. Ukati *I regret to tell you*, chinthucho sunachichite, ukuchichita tsopano lino, ndipo chisonicho chikungotsegulira njira. Uthenga wanga unali wa mtundu wachiwiriwu. Ndinaulemba Lachinayi m'mamawa, mabasi a ku Chipata akudzaza anthu pa Intercity. Amalume anali asanaikidwe. Ndinadandaula chinthu chimene ndinali ndi tsiku lathunthu loti ndichikonze.

*Remorse* ndi lina. Linachokera ku Chilatini, ku mneni wotanthauza kuluma, ndi kachidutswa kakutsogolo kamene ife timaika kumapeto ngati "-nso". Kulumanso. Amene anagonapo m'nyumba ya nsikidzi alimva msanga liwuli. Masana uli bwinobwino, ukuphunzitsa, ukuseka ndi anzako. Nyali ikangozima chimabwera, chimaluma pomwe chinaluma dzulo. Sungachite *remorse* chifukwa cha mvula kapena nsapato. Pamafunika nkhope ya munthu amene unamupweteka, ndipo pamafunika kuti wopweteka ukhale iweyo. Ndi chikumbumtima chokhala ndi mano. N'chifukwa chake m'makhoti, woweruza asanapereke chilango, loya wa wolakwa amaimirira n'kunena kuti munthu wake ndi *remorseful*. Akadati ali ndi *regret* sizikadathandiza, pakuti wakuba aliyense amanong'oneza bondo kuti anagwidwa.

Chimene chinkandiluma ine usiku si ulendo umene sindinayende. Inali foni yotembenuzidwa ija. Mu uthenga wanga ndinatchula chaching'ono ndi liwu lopepuka, chachikulu ndinachibisa.

Komabe kulumidwa pakokha sikufikitsa munthu kulikonse. M'tchalitchi timawerenga za Yudasi pa Mateyu 27, amene ataona kuti Yesu wapatsidwa chilango cha imfa anabweza ndalama 30 zasiliva zija, nanena kuti wachimwa. Mabaibulo ena achingerezi amasiku ano amaika liwu la *remorse* pamenepo. Liwu lachigiriki la pa ndimeyi n'losiyana ndi limene Yohane Mbatizi ankafuula m'chipululu, lija Angerezi amati *repent* ndipo ife timati tembenukani mtima. *Repent* ndi liwu la miyendo. Ukupita uku, watembenuka, ukupita uko. Zakeyu wa pa Luka 19 sitiuzidwa kuti analira, tiuzidwa kuti analonjeza kupatsa osauka theka la chuma chake ndi kubweza kanayi kwa amene anawalanda. Liwu lathu la kulapa lili pafupi ndi pamenepa, ngakhale tinayamba kulimva tili ana, tikufuula kuti "Ndalapa, sindidzachitanso!" mkwapulo uli m'mwamba. Kulapa kwa pansi pa mkwapulo ndi kulapa kwa Zakeyu timakutchula ndi liwu limodzi, ndipo mayi aliyense amadziwa kusiyanitsa.

Palinso *contrite*, limene kunja kwa tchalitchi ndi manyuzipepala simulimva kawirikawiri. Muzu wake wa Chilatini ndi kupera, kusinja mpaka chinthu chisanduke ufa. Ndimalikonda chifukwa limandikumbutsa mtondo. Chimanga cholowa mumtondo sichitulukamo chili chimanga.

Liwu limene ana anga amaliona ngati lapafupi, *sorry*, ndi limene ndimalilemekeza tsopano kuposa onsewa. Ambiri amaganiza kuti linabadwa ku *sorrow*, koma mbale wake weniweni ndi *sore*, kuwawa kwa chilonda. Kunena kuti *I am sorry* pachiyambi kunali kunena kuti pakundiwawa. Ndipo ndi liwu lokhali limene limayenda njira ziwiri ngati pepani wathu. Timati pepani kwa munthu amene tamuponda chala m'minibasi ya ku Matero, timatinso pepani kwa munthu amene wapunthwa yekha ife tili patali. Timapepesa mlandu, timapepesanso maliro. Chipepeso ndi kambuzi kamene umapereka ng'ombe zako zikadya mmera wa mnzako, ndiponso ndi kandalama kamene umaika m'mbale pasiwa ngakhale wakufayo sunamulakwire. Azungu ena amadabwa tikawauza *sorry* iwo akagwetsa makiyi, amayankha kuti si vuto lako. Sadziwa kuti tangoveka pepani malaya achingerezi. Pepani safunsa kaye kuti wolakwa ndani. Amangofuna kuti ukhale pamaso pa munthuyo, pakuti palibe amene amanena pepani kwa bondo lake.

*Apology* ndi lodabwitsa mwa njira ina. Kwa Agiriki akale liwuli linali mawu odziteteza pabwalo la milandu. Zimene Socrates, mphunzitsi wa nzeru wa Chigiriki, analankhula pozengedwa mlandu ku Athens m'chaka cha 399 Yesu asanabadwe zimatchedwa ndi dzina limeneli, ndipo mkuluyo sanapepese aliyense, anadziikira kumbuyo mpaka kumapeto. Patapita zaka mazanamazana liwuli linatembenuka n'kukhala kuvomera kulakwa, koma fungo lakale silinathe. Mumve munthu akuti akupereka *apology*, kawirikawiri pambuyo pake pamabwera "koma". Ndipo m'mabuku a misonkhano ya makolo ndi aphunzitsi, *apologies* ndi mndandanda chabe wa amene sanabwere.

Wina anganene kuti izi ndi nkhani za aphunzitsi, zongothandiza pa mayeso. Maboma sakuganiza choncho. Amalemba maloya ntchito kuti asankhe pakati pa mawu omwewa.

Pa 6 Juni 2013, William Hague, amene anali nduna yoona za maiko akunja ku Britain, anaimirira m'nyumba ya malamulo ku London kunena za Akenya amene anazunzidwa m'ndende za atsamunda nthawi ya Mau Mau, gulu limene linaukira ulamuliro wa Britain ku Kenya. Boma lake linavomera kulipira mapaundi 19.9 miliyoni pa mlandu wa anthu 5,228, kuphatikizapo ndalama zoyendetsera mlanduwo. Mawu amene anasankha anali *sincerely regret*, ndipo m'mawu omwewo ananena kuti boma la lero silikuvomera kuti lili ndi mlandu pa zimene linachita boma la atsamunda. Patapita zaka khumi, mu Okutobala 2023, Mfumu Charles ya ku Britain ili ku Nairobi inanena za *greatest sorrow* ndi *deepest regret*. Akenya ambiri ankadikira liwu lina, silinatuluke. Ku Australia nkhani ya ana a eni dziko amene ankalandidwa kwa makolo awo inakhala zaka ikuzungulira pa liwu limodzi. Mu 1999 nduna yaikulu John Howard anapititsa m'nyumba ya malamulo mawu a *deep and sincere regret*, koma anakana kupepesa. Pa 13 Febuluwale 2008 Kevin Rudd, amene analowa m'malo mwake, anaima m'nyumba yomweyo n'kunena mobwerezabwereza kuti *we say sorry*, ndipo anthu amene anasonkhana panja analira. Anthu amenewo sankalirira galamala. Ankafunsa funso la amayi aakulu lija: wati pepani?

Abale athu a ku Malawi ali ndi chitsanzo chawo. Mu Januwale 1996, khoti litangomupeza wosalakwa pa mlandu wa nduna zitatu ndi phungu mmodzi amene anaphedwa ku Mwanza mu 1983, Kamuzu Banda anatulutsa mawu opepesa mtundu wa Amalawi. Liwu la *apologies* linalimo ndithu. Koma patsogolo pake panali kaliwu kakang'ono, *if*: ngati alipo amene anavutika, ngati zinachitika m'dzina lake kapena iye osadziwa. Kaliwu ka zilembo ziwiri kameneka kakhoza kuchotsa mafuta onse mu ndiwo. Ndimakamva m'mabanja, m'matchalitchi, m'magulu a pa WhatsApp: pepani ngati ndinakulakwirani. Wonenayo akudziwa kuti analakwa, koma akusiyira wolakwiridwa ntchito yotsimikiza.

Sindikuti *regret* ndi liwu loipa. Pali nthawi imene ndi lokhalo loona. Dokotala amene wachita zonse zotheka wodwala n'kumwalirabe sayenera kudziimba mlandu umene alibe, ndipo ndi bwino kuti chinenero chimupatse liwu lomvera chisoni popanda kuvomera kulakwa. Chingerezi chinachita bwino kulekanitsa zinthuzi. Vuto ndi lakuti pamene pali zitseko zambiri, munthu wamanyazi amadziwa chotulukira. M'Chichewa ndikadavutika kuthawa. Ndikadalemba kuti "Amayi, sindibwera," chiganizocho chikadaoneka chamaliseche, ndikadayenera kuwonjezera pepani, ndipo pepaniyo akadandikokera ku basi.

Sukulu zitatsekera mu Epulo ndinanyamuka. Basi inachoka pa Intercity kusanache, tinadutsa Chongwe, Rufunsa, n'kutsetsereka mapiri aja mpaka pa mlatho wa Luangwa, pamene ndinagula nsomba zouma. Nyimba, Petauke, Sinda. Ulendo wa makilomita pafupifupi 500, umene mu Okutobala ndinauona ngati wosatheka, unatha dzuwa likadali pamwamba. Pa Katete ndinagula chitenje ndi shuga, ndipo nkhuku ndinagula pamudzi woyandikana nawo.

Sindinalunjike kunyumba kwa amayi aakulu. Ndinayamba kwa agogo ena aamuna a pabanja pathu, ndinawafotokozera zonse, iwo ndiwo ananditsogolera. Tinawapeza amayi aakulu akusenda mtedza pamphasa kuseri kwa nkhokwe. Mlongo wanga anabweretsa mpando, agogo anakhalapo, ine ndinakhala pansi. Tinapatsana moni monga mwa masiku onse, za ulendo, za ana, za mvula. Kenaka agogo anati, "Mwana wanuyu ali ndi mawu."

M'basi monse ndinali nditakonza zonena zambiri. Zinathawa. Ndinaomba m'manja n'kunena kuti, "Amayi, pepani. Amalume anandiimbira katatu. Foni ndinaiona, sindinayankhe dala, ndinkayesa akufuna ndalama. Kumaliro sindinabwere chifukwa cha manyazi, sanali mayeso ayi. Ndinalakwa, amayi."

Anapitiriza kusenda. Ndinkamva makoko akusweka limodzilimodzi, mtedza ukugwera m'lichero. Sindidziwa kuti panapita nthawi yaitali bwanji.

"Unaiona foni?"

"Ndinaiona, amayi."

"Iwo ankatiuza kuti uli m'kalasi. Ankati musamuvutitse mwanayo, aphunzitsi saloledwa kuyankha foni pophunzitsa." Anaika lichero pambali. "Tsiku lachitatu anati mwina foni yako yabedwa, poti ku Lusaka kuli akuba."

Apa ndi pamene ndinalira, kulira kumene sindinalire mu Okutobala. Palibe pamudzi amene ankadziwa. Maso amene ndinkawaopa pasiwa kunalibe. Amalume anandiphimba mpaka tsiku lawo lomaliza, ndipo chimene ndinabisa m'Chingerezi chija ndinali nditachiulula ndekha kwa munthu amene sakadachidziwa.

Amayi aakulu anandisiya ndilire. Kenaka anati, "Pepani sapoletsa chilonda, mwanawe. Koma wafika. Dzuka pansipo, zovala zikuda." Anaitana mlongo wanga kuti atenge nkhuku ija aikonze, ndipo chitenje anachifunyulula, anachiyang'ana mbali zonse ziwiri, n'kuchipindanso bwinobwino.

M'mawa mwake agogo anakapempha kwa amfumu, pakuti kumanda salowako munthu yekha ngati kumunda. Tinapita amuna anayi. Mtumbira unali utatitimira pang'ono ndi mvula ya dzinja, udzu utamera m'mbali, ndipo tinauzula ndi manja. Ndinafunsa agogo ngati akudziwa chimene amalume ankafuna kundiuza. Anati aliyense amene anayankha foni anauzidwa zake: wina za munda wa kudambo, wina za ng'ombe, wina anangouzidwa kuti asamale ana. Zanga sanauze munthu.